Doo-wop: mmene anyamata a m'misewu ya America anasandutsira pakamwa kukhala bandi

Mu February 1956, anyamata anayi a mumzinda wa New Haven, m'chigawo cha Connecticut ku America, anatsikira m'chipinda chapansi pa tchalitchi cha Katolika cha St. Bernadette kukajambula nyimbo. Kakampani kamene kankawajambula, Standord, kanalibe situdiyo yakeyake, ndiye anabwereka chipinda chimenechi. Wotsogolera gululo, Fred Parris, anali msilikali yemwe anabwera kumudzi patchuthi, ndipo nyimboyo anaipeka usiku wina ali pa ntchito yolondera. Pamene "In the Still of the Night" inkayamba kumveka pa mawailesi, mwini wakeyo n'kuti ali ku Japan ndi asilikali anzake. Pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri m'dziko lonselo inangofika pa nambala 24, koma mpaka lero anthu akamakamba za doo-wop sailumpha.

Nkhani ya gululi, lotchedwa Five Satins, ikufanana ndi ya magulu ena mazanamazana a nthawi imeneyo. Doo-wop ndi kaimbidwe ka magulu a anthu anayi kapena asanu kamene kanaphuka pakati pa anthu akuda a m'mizinda ya America cha m'ma 1948, n'kuzilala cha m'ma 1963. Ambiri mwa oimbawo anali ana asukulu a m'madera osauka a New York, Philadelphia, Baltimore, Chicago ndi Los Angeles. Piyano kapena lipenga makolo awo sakanatha kugula. Chimene anawo anali nacho ndi pakamwa, ndiye bandi yonse anaipanga ndi pakamwapo. Chimene chimandikhudza ine pa mbiri imeneyi n'chakuti luso lonse linachokera kwa anawo, koma phindu linapita kwa anthu amene ankadziwa kulemba mapepala. Munthu sungafotokoze kukoma kwa nyimbozi n'kusiya nkhani ya mapepalayo.

Kaimbidwe kake kali chonchi. Mmodzi amatsogolera, nthawi zambiri tenala wa mawu otsetsereka, ndipo ndi iye amene amatchula mawu enieni a nyimbo, omwe kawirikawiri amakhala odandaulira mtsikana. Kumbuyo kwake kumakhala matenala awiri ndi baritoni, omwe amalumikiza mawu awo mothinana mpaka womvera osatha kusiyanitsa kuti uyu ndani, uyu ndani. Pamwamba pa onse pamayandama kamawu kopyapyala ka mmodzi wa matenalawo wokweza mawu mpaka kufika pa sopulano. Pansi pali besi, yemwe amagwira ntchito ya gitala ya besi ndi ng'oma nthawi imodzi, ndipo nyimbo zambiri amaziyamba yekha ena asanalowe. Opolokezawo satchula mawu atanthauzo. Amangoti "doo", "bom", "sha", "dip", koma kalikonse kali ndi ntchito yake: kena kamatalika m'malo mwa lipenga, kena kamagunda m'malo mwa chingwe cha besi, kena kamasosola m'malo mwa chitsulo cha pa ng'oma.

Amene anaimbapo kwaya ya kutchalitchi powerenga solofa sangavutike kumva mmene nyimbozi zinamangidwira. Besi imayambira pa do, n'kutsikira pa la, kenako fa, kenako so, n'kubwereranso pa do, mobwerezabwereza mpaka nyimbo itatha. Nyimbo zambirimbiri za doo-wop zimayenda pa masitepe anayi amenewa, ndipo ena amazinyoza chifukwa cha zimenezi, amati n'zophweka. Ine sindivomereza. Kuphwekako n'kumene kunachititsa kuti mwana aliyense ayambe, koma kuyamba si kufika. Popanda chida chokukumbutsani pamene munayambira, anthu asanu amatsetsereka pang'onopang'ono osazindikira, ndipo mmodzi akangophonya pang'ono gulu lonse limamveka lowawasa. N'chifukwa chake anyamatawa ankayeserera maola ambiri tsiku ndi tsiku, akusakasaka malo amene mawu amabwerera: m'zimbudzi za kusukulu zokhala ndi matailosi, pa makwerero a nyumba zosanja, m'makonde a pansi pa nthaka opitira kokwerera sitima. Pamalo oterowo ankadzimva bwinobwino n'kukonza pamene palakwika. Madzulo ankaima pamphambano za misewu, gulu la msewu uno kupikisana ndi la msewu winawo, oweruza ali atsikana ndi anthu odutsa.

Mizu yake ili m'tchalitchi ndi m'nyumba zometera tsitsi za kummwera kwa America, kumene amuna akuda ankaimba anayianayi popanda zida kuyambira m'zaka za m'ma 1800. Gulu la nyimbo zauzimu la Golden Gate Quartet, la ku Norfolk ku Virginia, linatchuka pa wailesi m'zaka za m'ma 1930 ndi kaimbidwe kameneka. Pakati pa 1910 ndi 1970 anthu akuda pafupifupi 6 miliyoni anachoka kummwera kuthawa tsankho ndi umphawi, kupita kumizinda ya mafakitale, ndipo ana awo ndi amene anadzaima pamphambano paja. Magulu awiri ndi amene anawaonetsa njira. A Mills Brothers, ana a bambo wometa tsitsi wa ku Piqua ku Ohio, ankatsanzira malipenga ndi pakamwa mwaluso moti zimbale zawo zoyambirira zinkalembedwa kuti palibe chida china chimene chamveka kupatula gitala imodzi. A Ink Spots, omwe anayambira ku Indianapolis, anabweretsa dongosolo lakuti Bill Kenny aziimba pamwamba penipeni, kenako pakati pa nyimbo Hoppy Jones azilankhula mawu omwewo ndi besi yake yakuya. "If I Didn't Care" ya mu 1939 inagulidwa ndi akuda ndi azungu omwe.

Koma magulu awiriwa anali a akuluakulu ovala bwino, oimbira m'mahotela. Kusintha kunayamba nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Mu 1946 ku Harlem kunabadwa gulu la Ravens, lomwe linachita zachilendo poika besi, Jimmy Ricks, kukhala wotsogolera nyimbo. Patapita zaka ziwiri kunabwera a Orioles a ku Baltimore, ndipo ambiri amawerengera doo-wop kuyambira pa iwowa. Sonny Til ndi anzake ankaimba mumsewu wa Pennsylvania Avenue pamene anakumana ndi Deborah Chessler, mtsikana wachiyuda wogulitsa m'sitolo, yemwe ankapeka nyimbo koma akusowa woziimba. Iye anakhala manejala wawo, n'kumayenda nawo ngakhale m'zigawo zimene mzungu wamkazi kukwera galimoto imodzi ndi amuna akuda kunali kuputa mavuto. Nyimbo yake "It's Too Soon to Know" ya mu 1948 inafika pa nambala 1 pa mndandanda wa nyimbo za anthu akuda, ndi pa nambala 13 pa mndandanda waukulu. Zida zinali zochepa moti sizinkamveka kwenikweni. Chimene chinkamveka ndi mnyamata wosweka mtima, akuimba ngati akulankhula ndi munthu mmodzi yekha. Atsikana ankakuwa ndi kukomoka kuholo ya Apollo ku Harlem, ndipo mnyamata aliyense woonerera anaona kuti Sonny Til sasiyana ndi iye.

Apa magulu anangoti mbwee. Chifukwa awiri oyambawo anali ndi mayina a mbalame, otsatira nawo anakhala Crows, Penguins, Flamingos, Cardinals, Robins, Swallows, Larks. Mbalame zitatha anatembenukira ku magalimoto amene ankawasirira: Cadillacs, El Dorados, Impalas, Edsels. Ngakhale kundende kunali gulu. A Prisonaires anali akaidi a m'ndende yaikulu ya Tennessee, ndipo mu 1953 anatengedwa ndi alonda a mfuti kupita ku Sun Records ku Memphis kukajambula, n'kubwezedwanso kundende.

Makampani akuluakulu monga RCA Victor, Columbia ndi Decca analibe nazo chidwi kwenikweni nyimbozi. Amene anazitola ndi timakampani ting'onoting'ono, tina ta munthu mmodzi wokhala ndi kaofesi ndi galimoto yodzaza zimbale: Atlantic ndi Jubilee ku New York, Chess ku Chicago, Dootone ya Dootsie Williams ku Los Angeles, ndi Vee-Jay imene inayambitsidwa mu 1953 ku Gary ku Indiana ndi anthu akuda awiri, Vivian Carter ndi James Bracken. Kwa anthu amenewa gulu la anyamata linali katundu wotchipa. Nyimbo ankabwera nazo okha atayeserera kale, oimba zida ofunika anali atatu kapena anayi, ndipo madzulo amodzi nyimbo zinayi zinkakhala zajambulidwa. "Earth Angel" ya a Penguins inajambulidwa m'galaja. Mu 1949 kunabweranso zimbale zing'onozing'ono za 45, zosasweka msanga ndiponso zosavuta kutumiza, ndipo chaka chomwecho magazini ya Billboard inasiya kutchula nyimbo za akuda kuti "race records" n'kuyamba kuzitchula "rhythm and blues". Oimba enieniwo ankadziwa kuti akuimba rhythm and blues, kenako rock and roll. Dzina lakuti doo-wop linaoneka koyamba m'nyuzipepala ya Chicago Defender mu 1961, ndipo linafala nyimbozo zitatha kale kutchuka.

Chaka chimene zinthu zinatembenuka ndi 1954. Aulutsi a pa wailesi monga Alan Freed, yemwe anayambira ku Cleveland n'kusamukira ku New York chaka chimenecho, ankaika nyimbo za akuda usiku, ndipo ana a azungu ankamvetsera m'zipinda zawo. Mawu a pa wailesi sadziwa malire a madera. "Gee" ya a Crows, "Sh-Boom" ya a Chords a ku Bronx ndi "Earth Angel" zinadumpha mpanda n'kulowa pa mndandanda waukulu. Makampani akuluakulu atadzidzimuka, sanathamangire kukalemba ntchito anyamatawo ayi. Anatenga oimba achizungu kuti aimbenso nyimbo zomwezo, zitasalazidwa. A Crew-Cuts, anyamata anayi a ku Toronto ku Canada, anaimbanso "Sh-Boom" n'kukhala pa nambala 1 kwa masabata angapo, kenako anaimbanso "Earth Angel". A McGuire Sisters anatenga "Sincerely" ya a Moonglows n'kufika nayo pa nambala 1 mu 1955. Kampani yaikulu inali ndi njira zofikitsira chimbale m'sitolo iliyonse m'dzikomo m'masiku ochepa, pamene kakampani kakang'ono kankayenda mzinda ndi mzinda.

Kuti timvetse chifukwa chake izi sizinali mlandu, tiyenera kuona lamulo. Malinga ndi lamulo la umwini wa nyimbo la mu 1909, nyimbo ikangotuluka pa chimbale aliyense anali ndi ufulu woijambulanso popanda kupempha, bola alipire masenti awiri pa chimbale chilichonse. Masenti awiriwo sankapita kwa amene anaimba koyamba. Ankapita kwa amene dzina lake linalembedwa kuti ndi wopeka, ndi kwa kampani yosunga umwini wa nyimboyo. Wailesi ikaulutsa nyimbo, ndalama zinkapitanso kwa awiri omwewo, woimba osalandira kanthu. Kasanjidwe ka mawu, kalowedwe ka besi, kupolokezana konse kuja kumene anyamata anatha miyezi akukonza pa makwerero, lamulo silinkakuona ngati katundu wa munthu. Tsono chimene chinkapangitsa nyimbo ya doo-wop kukhala yokoma n'chimene chinalibe mwini pamaso pa lamulo, ndipo kadzina kakang'ono kolembedwa pansi pa mutu wa nyimbo pa chimbale n'kamene kanali chuma. Eni makampani ankadziwa zimenezi, ana azaka 15 sankadziwa. Mwini kampani ankatha kuikapo dzina lake, kapena kupereka gawo kwa muulutsi kuti aziika nyimboyo pafupipafupi. Pa "Sincerely", pambali pa dzina la Harvey Fuqua wa gulu la Moonglows pali la Alan Freed. Freed yemweyu ankakana kuulutsa nyimbo zobwerezedwa ndi azungu, n'kumaika za eni ake, ndipo pa chimenechi ayenera kuyamikiridwa. Komabe dzanja lake linalowa m'mbale ya anawo. Aphungu a nyumba ya malamulo atayamba kufufuza za ziphuphu za aulutsi, Freed anachotsedwa ntchito mu November 1959, ndipo anamwalira mu 1965 ali ndi zaka 43.

Nkhani ya Frankie Lymon ndi a Teenagers ikuonetsa zonsezi poyera. Anali asanu a kumtunda kwa Manhattan: Herman Santiago ndi Joe Negroni ochokera m'mabanja a ku Puerto Rico, Jimmy Merchant, Sherman Garnes ndi Lymon, akuda. Kumapeto kwa 1955 anakaimba pamaso pa George Goldner, mwini makampani a Rama ndi Gee, munthu amene khutu lake pa nyimbo za achinyamata linalibe lofanana nalo. Lymon anali ndi zaka 13, mawu asanasinthe. "Why Do Fools Fall in Love" inatuluka mu January 1956, inalowa m'gulu la nyimbo 10 zapamwamba ku America ndipo ku Britain inafika pa nambala 1. Mu 1957 anawo anakaimba kuholo yotchuka ya London Palladium. Ana ang'onoang'ono m'dziko lonse la America anayamba kupanga magulu otsogozedwa ndi kamnyamata ka mawu okwera, ndipo njira imene a Jackson 5, gulu la Michael Jackson ndi abale ake, anadzadutsamo pambuyo pake inalambulidwa apa.

Zinatha msanga. Chaka chomwecho cha 1957 Lymon anapatulidwa pa anzake kuti aziimba yekha, ndipo gulu ndi iye yemwe sanapezenso mwayi ngati woyamba uja. Pa pulogalamu ya Alan Freed ya pa wailesi ya kanema ya ABC anaoneka akuvina ndi mtsikana wachizungu, masiteshoni a kummwera anakwiya, pulogalamuyo inathetsedwa. Mawu ake atasintha, anthu anamuiwala. Anamwalira mu February 1968 ali ndi zaka 25 chifukwa cha mankhwala ozunguza bongo a heroin. Nanga nyimbo ija? Goldner anali ndi vuto la juga ya mahatchi, ndipo mu 1957 anagulitsa makampani ake kwa Morris Levy, munthu wa mabizinezi amene patapita zaka khoti linadzamupeza ndi mlandu woopseza munthu pofuna ndalama. Dzina la Santiago linali litachotsedwa pa nyimboyo, panatsala la Lymon ndi la Goldner, kenako pamalo pa Goldner panalowa Levy, yemwe tsiku lojambula kunalibe n'komwe. Mu 1992 khoti linavomereza kuti Santiago ndi Merchant anapeka nawo nyimboyo. Mu 1996 khoti la apilo linasintha chigamulocho, osati chifukwa chakuti ananama, koma chifukwa chakuti anachedwa kukasuma. Pamene ankayenera kusuma anali akadali achinyamata, akuopa munthu amene aliyense m'bizinezi ya nyimbo ankamuopa.

Dzina la gulu nalonso linali katundu. Clyde McPhatter, mwana wa mlaliki yemwe anabweretsa kulira kwa nyimbo zauzimu m'nyimbo zachikondi, anayambitsa a Drifters mu 1953 atachoka ku gulu la Dominoes. Atalembedwa usilikali anagulitsa gawo lake kwa manejala George Treadwell, ndipo kuyambira pamenepo oimba anasanduka antchito olandira malipiro a pa sabata, kaya nyimbo igulidwe motani. Bill Pinkney atapempha kuti awonjezere, anaona msana wa njira. Mu 1958 Treadwell anachotsa gulu lonse, natenga anyamata a Five Crowns, mmodzi mwa iwo ali Ben E. King, n'kuwauza kuti kuyambira lero a Drifters ndinu. Chaka chotsatira a Drifters atsopanowa anatulutsa "There Goes My Baby" yokhala ndi mavayolini, ndipo kuchokera apo kaimbidwe ka mumsewu kanayamba kuvekedwa zovala za m'situdiyo. A Platters a ku Los Angeles anali atayamba kale kuyenda njira yosalalayi. Manejala wawo Buck Ram anauza kampani ya Mercury kuti ikafuna a Penguins itengenso a Platters. A Penguins sanapitenso patali, pamene "The Great Pretender" ya a Platters inafika pa nambala 1 kumayambiriro kwa 1956.

Atsikana analipo ngakhale mbiri imakonda kuwaika kumapeto. A Chantels anali ana asukulu ya Katolika ya St. Anthony of Padua ku Bronx, kumene anaphunzira nyimbo zakale za m'Chilatini, ndipo Arlene Smith akamakweza mawu mu "Maybe", yomwe inatuluka kumapeto kwa 1957, munthu umamva kwaya ya misa ndi msewu pamodzi. A Shirelles a ku New Jersey anafika pa nambala 1 mu January 1961, ndipo anatsegulira khomo magulu a atsikana a zaka zotsatira.

Cha m'ma 1957 kaimbidweka kanali katafika m'madera oyandikana nawo, makamaka a ana a anthu ochokera ku Italy a ku Bronx, Brooklyn ndi Philadelphia, omwenso anakulira m'nyumba zothinana ndi m'makwaya a tchalitchi. Dion ndi a Belmonts anatenga dzina lawo ku msewu wa Belmont Avenue ku Bronx. Awa ine sindiwaika pamodzi ndi a Crew-Cuts, chifukwa anaphunzira lusoli pamphambano pomwepo ndipo sankabisa kumene analitenga. Panalinso magulu osakaniza mitundu pa nthawi imene masukulu ambiri a kummwera anali akadali olekanitsa ana: a Del-Vikings, asilikali a ndege a ku Pittsburgh, ndi a Crests a ku New York, momwe munali akuda, wa ku Puerto Rico ndi Johnny Maestro wa makolo a ku Italy. Koma akapita kummwera, oimba akuda ankakanizidwabe m'mahotela ndi m'malo odyera, ndipo m'maholo ena chingwe chinkagawa oonerera pakati.

Cha m'ma 1959 zinkaoneka ngati zatha, kenako zinadzukanso mwa njira yosayembekezereka. Irving Rose, yemwe ankadziwika kuti Slim, anali ndi kasitolo ka zimbale zakale kotchedwa Times Square Records m'khonde lotsikira ku sitima zapansi ku New York. Achinyamata ankasonkhana kumeneko kusaka zimbale za magulu zimene sizinayende malonda, n'kumazipititsa kwa aulutsi. Nyimbo ya a Capris imene inalemba m'madzi mu 1958 inatulutsidwanso chifukwa cha anyamata a pasitoloyi, ndipo mu 1961 inafika pa nambala 3. Chaka chimenecho "Blue Moon" ya a Marcels inakhala pa nambala 1 ku America ndi ku Britain.

Mu December 1961 pa nambala 1 panakhala nyimbo imene inachokera kuno kummwera kwa Africa. A Tokens a ku Brooklyn anaimba "The Lion Sleeps Tonight", koma gwero lake ndi "Mbube", imene Solomon Linda ndi gulu lake la Evening Birds anajambula ku kampani ya Gallo ku Johannesburg mu 1939. Nayonso inali nyimbo ya amuna oimba ndi pakamwa, besi zamphamvu pansi, kamawu kopyapyala ka Linda pamwamba. Chimbalecho chinafika ku America, Pete Seeger ndi a Weavers anaiimba ndi dzina lakuti "Wimoweh", kenako inawonjezeredwa mawu a Chingerezi. Linda anali atapereka umwini wake kwa Gallo pa ndalama yochepa kwambiri. Anamwalira mu 1962 alibe kanthu, ndipo ana ake anadikira mpaka 2006 kuti pakhale mgwirizano wowapatsa gawo. Ulendo wa nyimbo unali wopita mbali zonse ziwiri, chifukwa a Manhattan Brothers a ku Johannesburg, amene Miriam Makeba anaimba nawo asanapite ku Skylarks, anaphunzira zambiri pa zimbale za Mills Brothers ndi Ink Spots. Kudyerana masuku pamutu nako kunali kofanana mbali zonse za nyanja.

Anthu amakonda kunena kuti a Beatles atafika ku America mu February 1964 anapha doo-wop. Zoona zake n'zakuti inali itayamba kale kusanduka chinthu china. Harvey Fuqua anatenga mnyamata wa ku Washington dzina lake Marvin Gaye kumulowetsa mu Moonglows, kenako anapita naye ku Detroit, kumene Berry Gordy ankamanga kampani ya zimbale ya Motown. Smokey Robinson ndi a Miracles anayamba ngati gulu la doo-wop, ndipo chimbale chawo choyamba mu 1958 chinatulukira ku kampani ya End ya Goldner yemwe uja. Cholly Atkins, amene anaphunzitsa a Cadillacs kuvina mofanana pa siteji, ndi amenenso anadzakonza mavinidwe a magulu a Motown. Ku Chicago, Curtis Mayfield ndi Jerry Butler anachoka m'kaimbidwe komweka n'kulowa m'kaimbidwe kotchedwa soul. Ngakhale a Beatles enieniwo, pa chimbale chawo choyamba anaimbanso nyimbo ziwiri za a Shirelles. Chimene chinatha ndi mwayi wakuti ana asanu opanda chida achoke pamphambano lero, mwezi wamawa amveke dziko lonse.

Pofika 1969 nyimbozi zinali zasanduka zokumbutsa kale. Gulu la Sha Na Na, la ophunzira a pa yunivesite ya Columbia, linaziimba ku chikondwerero chachikulu cha nyimbo cha Woodstock, ndipo makonsati a nyimbo zakale anayamba kudzaza maholo. Kwa oimba enieni aja, ambiri ali madalaivala, ogwira ntchito m'mafakitale ndi alonda, uwu unali mwayi wopezanso kangachepe. Koma anapeza kuti pa mayina awo pakuimba anthu ena. Usiku umodzi womwewo kunkatha kukhala magulu angapo a Drifters, Platters ndi Coasters m'mizinda yosiyanasiyana, ena mwa oimbawo obadwa nyimbozo zitatuluka kale, ndipo chifukwa ankalipiritsa motchipa ankalanda ntchito eni ake. Jon Bauman wa Sha Na Na anayenda chigawo ndi chigawo kulimbikitsa lamulo lotchedwa Truth in Music, loletsa gulu kugwiritsa ntchito dzina ngati mulibe mmodzi mwa amene anajambula nyimbozo kapena ngati silili ndi umwini wa dzinalo, ndipo zigawo zoposa 30 zinalivomereza. Herb Reed, besi wa a Platters, amene analipo kuyambira pachiyambi ndipo ndi amene anapeka dzina la gululo, anatha zaka zambiri akuyenda m'makhoti kulimbirana dzina limeneli. Khoti la ku Nevada linagamula momukomera mu 2011, ndipo iye anamwalira mu June 2012 ali ndi zaka 83.